Mabuku akale a mbiri ya chigwa chathu: mmene ntchito ikuyendera kuno ku Ngabu

Januwale, sabata yoyamba

Ndayamba kusonkhanitsa mabuku akale a mbiri, opezeka mwaulere, oti ndizitolamo nkhani zophunzitsa ana pakhomo Loweruka masana. Ana ake ndi anga awiri, wa achemwali anga mmodzi, ndi ena a nyumba zoyandikana amene amangobwera okha akaona mkeka wayalidwa pansi pa nimu. Wachisamba wanga ali Sitandade 7, mzime akuphunzira kumene kulumikiza zilembo. Onsewa amapita kusukulu, ndipo sindikufuna kulanda ntchito ya aphunzitsi. Chondisautsa ine n'chakuti mwana wobadwira m'chigwa muno amaloweza bwinobwino kuti ufulu tinalandira mu 1964, koma ukamufunsa chifukwa chake Nsanje inkatchedwa Port Herald, kapena kumene kunachokera ufumu wa Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, amangokuyang'ana. Chonsecho zambiri zimene ana a dziko lonse amaphunzira zinadzera pamtsinje wathu womwewu.

Buku loti lilowe m'ntchitoyi likhale laulere mwachilungamo, osati lakuba. Mabuku osindikizidwa m'zaka za m'ma 1800 eni ake anamwalira kalekale, nthawi imene lamulo limateteza zolemba zawo inatha, ndiye aliyense akhoza kuwawerenga, kuwakopera ndi kugawirako anzake. Likhalenso lonena za kuno: Shire, Ruo, Chikwawa, Chiromo, Nsanje. Za mafumu a ku Ulaya ziyambe zadikira. Zida zanga ndi foni, memori khadi, kasola kotchajira ndi kope la chikuto cholimba.

Januwale, kumapeto

Malo awiri a pa intaneti ndi amene andipatsa zambiri. Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971 ku America, ili ndi mabuku ochita kutayipidwanso. Mafayilo ake ndi ang'onoang'ono, amalowa msanga ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo zilembo mukhoza kuzikulitsa pafoni. Internet Archive, yomwe inayamba mu 1996, imajambula buku lenilenilo tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi mapu ake, zithunzi zake, ngakhale zidindo za laibulale kumene linkasungidwa. N'zosangalatsa kuona, koma PDF imodzi ya buku lalikulu imatha kumaliza bandulo yonse. Ndiye ndimatere: ndimayamba ndatsegula mawu okhaokha a bukulo, pamene alemba kuti Full Text, n'kufufuzamo maina a kwathu kuno. Ndikaona kuti Shire ndi Chibisa, mfumu yakale ya cha ku Chikwawa, akutuluka kambirimbiri, m'pamene ndimadikira bandulo ya usiku kuti ndidawunilode lonse.

Amene mungafune kuyesa, dziwani kuti alendo akalewo ankalemba maina mmene makutu awo anamvera. Tengani mum'peza mukalemba Tingane, Lundu mukalemba Rundo, Amang'anja mukalemba Manganja.

Pofika lero mufoni muli mabuku anayi. Loyamba ndi la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, la mu 1865. Ku Project Gutenberg kuli lofupikitsidwa lake, ndipo kwa ana lomwelo n'lokwanira. Lachiwiri ndi la Henry Rowley, mmodzi wa amishoni a Chiangilikani a bungwe la UMCA, la mu 1866, lofotokoza za Magomero ndi za kwa Chibisa. Lachitatu ndi British Central Africa la Harry Johnston, la mu 1897. Lachinayi ndi mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre, wa mu 1892.

Febuluwale

Ana sindiwawerengera Chingerezi chakalecho ayi. Ziganizo zake n'zazitali, mwana angagone chiganizo chisanathe. Lachisanu usiku ndimasankha ndime ziwiri kapena zitatu, n'kuzilemba m'kope m'Chichewa chimene timalankhula pakhomo, ndipo m'mphepete ndimalemba dzina la buku ndi mutu wake kuti wofuna kutsimikiza akapeze.

Tinayamba ndi Januwale 1859, pamene Livingstone analowa mu Shire koyamba pa kasitima kotchedwa Ma-Robert. Atafika kwa Tengani, khamu la amuna a mauta ndi mivi linasonkhana pagombe n'kulamula kuti sitimayo iime. Livingstone anatsika, nakafotokoza kuti sanabwere kudzagula anthu koma akufuna njira yogulira thonje, ndipo m'pamene analoledwa kupitirira. Ana anaikonda kwambiri nkhaniyi. Ndinawafunsa chifukwa chimene mfumu ingaimitsire alendo pamtsinje. Mwana wa achemwali anati, "Azakhali, ndiye kuti kumunsiko kunkabwera anthu oipa." Analondola. Kuchokera ku Zambezi kunkabwera ogula ndi ogwira akapolo, ndipo Tengani ankalondera khomo la chigwa. Ndikufuna ana agwire chimenechi asanamve china chilichonse: mtsinjewu unali ndi eni ake, malamulo ake ndi alonda ake sitima ya nthunzi isanaoneke.

Loweruka lotsatira tinakamba za thonje, ndipo mpaka pano phunziro limeneli ndi limene landikhutiritsa koposa. Kuno ku Ngabu ana amakula akuona thonje likutoledwa, kulongedwa m'masaka n'kukwezedwa pa malole, ndiye amaganiza kuti mbewuyi inabwera ndi makampani ogula. Koma Livingstone analemba kuti m'midzi ya Amang'anja anapeza anthu akuchotsa njere, akupota ndi kuomba nsalu zawozawo. Anatchula mitundu iwiri, imene iye anailemba kuti tonje manga, thonje lochokera kunja, ndi tonje cadja, la konkuno, la ulusi waufupi koma wolimba. Analembanso za ng'anjo zosungunulira chitsulo, za makasu, mipeni ndi mikondo yosulidwa m'midzi, ndiponso za mchere wochokera m'dothi la m'chigwa. Mcherewo ankaupanga potapa dothi la mchere, kulithira madzi n'kulitcheza monga mmene timatchezera chidulo, kenako n'kuwiritsa madziwo mpaka aphwe.

Titamaliza kuwerenga ndinatulutsa thonje lotsala chaka chatha. Agogo a nyumba ya kuseri kwathu, amene amakhala chapatali n'kumamvetsera, anasendera pafupi nati, "Bweretsa kuno, mwanawe." Anatenga kamtengo, nayamba kukoka ulusi ndi zala kwinaku akupota pantchafu. Amati anaonera agogo awo. Ulusi wa ana unkaduka nthawi ndi nthawi, koma dzuwa linalowa ali pomwepo, ndipo mzime wanga anagona atamanga kaulusi kake padzanja. Zimene zinali m'buku la mu 1865 zinapezeka kuti zili m'zala za munthu wokhala naye mpanda umodzi.

Tinatsiriza mwezi ndi Dambo la Njovu. Livingstone anawerengamo njovu 800 pa nthawi imodzi. Lero mulibe ndi imodzi yomwe. Zinatha ndi mfuti ndi malonda a minyanga. Za ku Majete zimene ana amamva anachita kubwera nazo pa magalimoto kuchokera kwina, bungwe la African Parks litayamba kusamalira nkhalangoyo mu 2003.

Malichi

Mvula yachuluka, maphunziro tikuchitira pakhonde. Chichokereni namondwe Freddy mu Malichi 2023, palibe wa m'chigwa muno amene amasiya pepala lofunika pansi. Kope ndi mapepala osindikiza ndikusunga m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro, yopachikidwa kumtanda wa denga, kumene madzi ndi chiswe sizifika. Mafayilo onse ndawakopera pa memori khadi yachiwiri n'kuitumiza kwa achimwene ku Blantyre. Makolo awiri atenganso mabukuwa pa Bluetooth, osawononga bandulo.

Kusindikiza n'kodula, ndiye ndimasindikiza mapu ndi zithunzi zokha, masamba awiri pa pepala limodzi. Mapu a Shire ndawamata pa katoni, ndipo ana akulembapo ndi pensulo maina a lero pambali pa akale.

Epulo

Ndafika pa masamba olemera, ndipo ndakhala ndikusinkhasinkha chochita nawo.

Mu 1862 mvula inakana, ndipo njala imene inatsatira mpaka mu 1863 inapulula chigwa chino. Sichinali chilala chokha. Magulu ogwira akapolo, monga la Mariano wa ku Zambezi, anali atabalalitsa anthu m'midzi, nkhokwe zitatenthedwa, minda itasiyidwa. Livingstone pobwereranso mu Shire pa sitima ya Pioneer anapeza midzi imene anaisiya yodzaza anthu ili zii, ndipo analemba za mitembo yoyandama pamtsinje. Rowley, amene anali kwa Chibisa nthawi yomweyo, analemba zimene anaona ndi maso ake tsiku ndi tsiku. Ndinawerenga usiku, tulo osabwera. Anthu amenewo ndi makolo a anthu amene ndimakumana nawo pamsika.

Ndagamula chonchi. Ana aang'ono ndawauza kuti kunagwa njala yaikulu ndi nkhondo, anthu ambiri anamwalira, ena anathawa, ndipo otsala anamanganso midzi. Basi. Akuluakulu atatu ndinawaitana paokha n'kuwawerengera zambiri, koma za mitembo ndinangotchula kamodzi. Chimene ndinalimbikira ndi chifukwa chake: chilala chimabwera ndi kupita, ndipo anthu a m'chigwa ankadziwa kupulumukira kumadimba a m'mbali mwa mtsinje, koma munthu amene akuthawa mfuti sangalime dimba. Wachisamba wanga anafunsa kuti, "Amayi, ndiye njala ija inali yochita kupangidwa ndi anthu?" Ndinamuyankha kuti mvula inayamba, anthu n'kumalizitsa.

Vuto lina ndi mawu achipongwe. Mabuku onsewa, pena apa pena apo, amalankhula za anthu akuda ngati ana kapena ngati osadziwa kanthu. La Johnston ndiye lanyanya: muli mitu yathunthu yoyeza ndi kufotokoza matupi ndi makhalidwe a anthu athu mopanda ulemu. Iyeyu anali Komishinala woyamba wa boma la atsamunda kuyambira mu 1891, ndipo ankalembera anzake a ku London kuti aone kuti dzikoli n'loyenera kulamulidwa ndi iwo. Buku limenelo sindipatsa mwana kuti aziwerenga yekha. Ndatengamo mapu, zithunzi ndi zaka basi. Komabe sindikufuna kubisa kuti mawu oterewo alipo, chifukwa tsiku lina adzawapeza okha, ine kulibe. Choncho akuluakulu aja ndinawawerengera ndime imodzi yotere n'kuwafunsa mafunso amene tsopano timafunsa pa ndime iliyonse: walemba ndani, ankalembera yani, ndipo ankafuna chiyani m'dziko muno? Livingstone ankafuna njira ya malonda ndi ya mishoni, n'chifukwa chake thonje analiona msanga. Rowley ankafuna anthu a kwawo apitirize kuthandiza mishoni. Zimenezi sizisandutsa zonse zimene analemba kukhala bodza, koma zimatiuza kumene maso awo ankayang'ana ndi kumene sankayang'ana.

Meyi

Misewu yauma. Tinakwera minibasi kudzera pa Nchalo mpaka ku Chikwawa kukaona manda a amishoni a kwa Chibisa. Ndinawakonzekeretsa ana ndi nkhani yonse. Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861. Ali paulendo wopita kumene Ruo amathira mu Shire, bwato linagubuduzika, mankhwala a malungo n'kumira, ndipo anamwalira komweko pa 31 Januwale 1862. Otsala anasamukira kwa Chibisa, ndipo kumayambiriro kwa 1863, njala ili pachimake, m'busa Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalira n'kuikidwa pomwepo. Mu Epulo chaka chomwecho anamwaliranso Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala, amene anayenda pansi mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti anzake adye, n'kubwerako atatheratu mphamvu. Manda ake ali kumtunda, cha ku Kapichira.

Anthuwa anafera kutali ndi kwawo ndipo ndinauza ana kuti aime mwaulemu. Pobwerera, mwana wa achemwali, amene kwawo amaweta mbuzi, anati, "Azakhali, munthu mmodzi sangakuse mbuzi kuchokera ku Tete. Enawo anali ndani?" M'ndime imene ndinamasulira munalibe dzina la wokusa aliyense. Tatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa kope, lolembapo dzina lililonse la munthu wakuda limene tikulipeza m'mabukuwa, ndi ntchito imene ankagwira. Pali kale Chibisa, Tengani ndi Mankhokwe, amene Livingstone anamutchula kuti ndiye anali Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, nthawiyo. Ana akupikisana kufufuza ena pafoni, ndipo mosazindikira akuwerenga Chingerezi chimene ndinkaopa kuti chiwagonetsa.

Ulendo womwewo unatipatsa mpata wokamba za Akololo. Anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, dziko la mfumu Sekeletu, ndipo iye atachoka mu 1864 iwo anatsala ali ndi mfuti m'chigwa chimene njala inali itachifooketsa. M'zaka zochepa anakhala mafumu, ndipo m'pamene panachokera ufumu wa Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima. Anatchinga ogwira akapolo, koma analandanso ulamuliro wa mafumu a Chimang'anja ndi dzanja lolemera. Mu 1875 anthu a m'midzi yawo ndi amene ananyamula zidutswa za sitima ya Ilala pamutu kulambalala mathithi, kuti ikalumikizidwe kumtunda n'kukafika kunyanja. Mu 1889 anamenyana ndi asilikali a Chipwitikizi a Serpa Pinto, ndipo mkangano umenewo ndi umene unafulumizitsa Angerezi kulengeza kuti dera lino lili m'manja mwawo. Pagulu pathu pali ana a Chimang'anja, a Chisena, ndi wina amene kwawo ndi kwa Maseya. Nkhaniyi ndinaikamba mosamala, mbali zonse ziwiri, chifukwa ndi ya mabanja amene alipo lero.

Juni

Apa ndagunda malire a mabuku aulere. Amalankhula kwambiri za 1859 mpaka cha m'ma 1900, kenako amangoti zii, chifukwa olembedwa pambuyo pake ambiri akadali otetezedwa ndi lamulo. Buku la Elias Mandala la mu 1990 lonena za ntchito ndi ulimi m'chigwa chino, ndi la Matthew Schoffeleers la mu 1992 lonena za Mbona, ndi ofunika kwambiri koma si aulere. Wina anandilonjeza kuti akhoza kundipezera fotokope ya buku lonse, ndakana. Ndapempha achimwene kuti akapeza mpata akafunse ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, akawerenge komweko n'kundilembera mfundo.

Pamene mabuku alekezera, ndaitana atsibweni anga a ku Nsanje, amene anabwera kudzachezetsa masiku ozizira ano. Ndinati, "Atsibweni, adzukulu anuwa akufuna kumva za mitumbira." Anaseka kaye, kenako anakhala tsonga. Anali kamnyamata m'zaka za m'ma 1950 pamene boma la atsamunda linalamula kuti aliyense azilima mizere yotchinga madzi. Anthu anakana, amati chigwa n'chathyathyathya, dothi lake ndi lina, ndipo mitumbira ikuumitsa mbewu. Okana ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa. Anthu ankati Mbona sakufuna mitumbira, ndipo mvula ikavuta ankaloza komweko. Mpaka lero akuluakulu amaitcha nkhondo ya mitumbira. Anafotokozanso za njala ya mu 1949 mmene anaimvera kwa amayi awo, ndi za agogo awo amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa Apwitikizi nthawi ya nkhondo ya Makombe mu 1917.

Ana anakhala duu. Wachisamba wanga ndiye ankajambula mawu pafoni, atayamba wapempha: "Agogo, mutilola tisunge mawu anu?" Anavomera, koma atafika pa za Khulubvi anakweza dzanja nati, "Apa zimitsa, mdzukulu wanga. Izi n'zomvera ndi makutu." Anazimitsa. Anawauza zoyenera ana kudziwa, kuti ndi nkhalango yopatulika kumene kuli kachisi wa Mbona, kuti kuli ausunga ake, ndipo munthu sangolowako ngati akupita kumsika. M'kope sitinalembemo kalikonse ka gawo limenelo, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kutero.

Loweruka lotsatira tinawafunsa atsibweni mafunso atatu omwe aja, iwo kulibe: akulankhula ndani, akuuza yani, akufuna timve chiyani? Ana anazindikira okha kuti agogo awo ankakamba ngati mwana wa mlimi amene analipitsidwa, ndipo mlangizi wa nthawiyo akanakamba zina. Ndinakondwa kuti sanaope kuyeza mawu a munthu amene amamukonda ndi muyeso womwe anayezera Johnston.

Julayi

Mtanthauziramawu wa Scott ndinkauona ngati buku langa ndekha, koma wasanduka wokondedwa wa ana. Suli ndi matanthauzo okha. Pansi pa mawu ambiri pali ziganizo za Chimang'anja cha nthawiyo, miyambi, ndi mafotokozedwe a masewera, misampha, zida ndi miyambo. Ndi buku lokhalo mwa anayiwa limene mwana akhoza kutsegula n'kumva chinenero chake. Timasankha mawu, ana n'kupita kukafunsa agogo a kuseri ngati akuwadziwa. Amene awadziwa timawachonga, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi nkhani yake. Fayilo yake ndi yaikulu ndipo imachedwa kutseguka, choncho masamba amene tawakonda ndikuwajambula pa sikirini n'kuwasunga ngati zithunzi.

Funso la Port Herald layankhidwa: dzinali linachokera ku sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Herald imene inkayenda pa Zambezi ndi Shire. Kuchokera pamenepo talowa m'nkhani ya njanji. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitima zinkalephera kufika kwa Katunga, pena ngakhale ku Chiromo, ndiye kunamangidwa njanji imene inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908. Pambuyo pake inatsikira ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935. Ana amene amaona njanji ya ku Bangula itamera udzu sankadziwa kuti katundu wa dziko lonse ankadutsa pamenepo.

Mmene zilili pano: m'kope muli maphunziro okonzeka kuyambira 1859 mpaka kufika kwa njanji, mapu a pakatoni adzaza maina, ndipo mawu a atsibweni ndayamba kuwalemba papepala kuti ndikawawerengere iwo eni avomereze ndisanaphunzitsire. Mwezi wamawa ndifufuza buku la E. D. Young la mu 1877 lonena za ulendo wa Ilala, chifukwa tsamba lathu la maina likufunika onyamula katundu aja. Amayi ena a ku Bangula apempha kope kuti akayambe ndi ana a kwawo, ndiye wachisamba wanga akulikopera pamanja madzulo alionse. Ulendo wa ku Chiromo, kukaona pamene Ruo amakumana ndi Shire, tauika mu Ogasiti sukulu zili pa tchuthi, kutentha kwa Okutobala kusanafike, ndipo makolo a mwana aliyense ayenera kuvomera kaye za bwato.